Mfundo Yachisanu

Pabwalo la ndege za nkhondo la ku Dembela panali zinthu ziwiri zimene munthu sankaloledwa kuzikayikira: Mulungu ndi Njira ya Belachew. Za Mulungu ena ankatsutsanako akakhuta mowa wa uchi, koma za Njira ya Belachew ayi ndithu. Inali yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, yotsekeredwa m'galasi, yopachikidwa m'kalasi ya oyendetsa ndege. Mwini wake, Meja Belachew, ankadutsa pansi pake m'mawa uliwonse, mimba patsogolo, iye pambuyo.

Ndege za pa Dembela zinali nkhalamba za chopukusa chimodzi pamphuno, zimene azungu anatigulitsa atamaliza nazo nkhondo yawo. Anyamata ankazitcha Nyulu, nyama ija yobadwa kwa bulu ndi hatchi, chifukwa cha makani. Nthenda yake inali imodzi. Ukaikhotetsa mwaukali liwiro litachepa, phiko limodzi linkagwa, mphuno n'kuloza pansi, ndege n'kuyamba kuzungulira ikutsika. Zikatero ankati yalowa m'nguli. Buku la eni ake linali ndi malangizo achidule kwambiri pankhaniyi: lumpha, ngati ungathe.

Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo, Belachew akadali kaputeni wachiuno ngati mavu, Nyulu yake inalowa m'nguli pamwamba penipeni pa bwalo, anthu onse akuona. Inazungulira kasanu ndi katatu. Ena anali atavula kale zipewa. Kenako inaongoka, inapsepsa nsonga za mabulugamu, n'kudzatera ngati yachokera kokaona abale. Anamunyamula pamapewa. Kolonelo, mkulu wa bwalo, anamufunsa gulu lonse likumva, "Unatani, mwana wa mkango iwe? Tiuze, unatani?"

Apa ndiye pagona nkhani. Zimene mwana wa mkangoyo anachita m'mwambamo ndi izi. Atapalasapalasa osaphula kanthu, anachepetsa moto wa injini, anasiya ndodo yowongolera, anachotsa mapazi pa zopondera, anagwira kamtanda ka m'khosi ndi manja onse awiri, n'kutsinzina. Anaitana Gabirieli Woyera, anaitana amayi ake, anakoka kamtandako mpaka chingwe chinaduka. Potsegula maso anapeza ndege yasiya yokha kuzungulira. Iye anangoikweza mphuno basi.

Nanga zoterezi munthu n'kuzinena uli pamapewa pa anzako, chithunzi akujambula? Belachew anakhosomola n'kunena kuti, "Choyamba, bwana, ndodo sindinaisiye."

Tsiku limenelo mfundo zinali zitatu. Madzulo ake kumowa zinafika zisanu. Pamene mlembi ankazitayipa zinali zisanu ndi ziwiri, ndipo zikanapitirira kuswana zikanapanda kutsekeredwa m'galasi. Munali zonse mmenemo: ponda phazi ili, kokera ndodo pamchombo, patsa injini moto wonse katatu, tsitsa mawilo. Yachisanu, imene mwini wake ankainyadira kuposa ana ake, inkati kankhira ndodo kumanja, werenga mpaka kanayi, kenako kumanzere. Pamwamba pa zonse panali yoyamba ija: OSASIYA NDODO, ZIVUTE ZITANI.

Bodzalo linamulera bwino munthu. Linamupatsa mendulo, umeja, nyumba ya malata yokhala ndi khonde, ndi mpando wa mphunzitsi wamkulu. Ubwino wake, malamulo ankaletsa kulowetsa dala Nyulu m'nguli, kotero Njira ya Belachew inali ngati mfuti ya pakhoma, yoopedwa ndi onse koma yosawombedwa kawirikawiri. Ophunzira ankailoweza, n'kuilakatula pa mayeso, n'kukhoza.

Kamodzi kokha inabweretsa maliro. Lefutenanti Tamrat, mnyamata wa maso aakulu amene ankalemba chilichonse chotuluka pakamwa pa Meja, ngakhale chifuwa, analowa m'nguli kuseri kwa phiri zaka zinayi zapitazo. Sanatulukemo. Bungwe lofufuza linakhala masiku atatu, likumwa khofi, ndipo linapeza kuti malemuyo anadumpha mfundo yachisanu. Linadziwa bwanji, poti ndege inapsa yonse? Musafunse. Katswiri wa bungwelo anali Meja Belachew.

Tsono chaka chimenechi kunabwera ndege zatsopano zopanda chopukusa, zolira ngati mphezi, ndipo boma linati Nyulu zipume. Kolonelo, yemweyo wa kale uja koma tsopano wadazi, anaitanitsa Belachew ku ofesi.

"Belachew, m'bale wanga, Loweruka tikutsanzikana ndi nkhalambazi. Kukubwera akuluakulu ochokera ku Addis Ababa. Ndapempha chilolezo chapadera, ndipo chabwera. Njira yako ionetsedwa pamaso pa dziko!"

Belachew anayesa kuzemba. "Bwana, maso angawa adokotala anati..."

"Aaa, ndani akunena za iwe? Ungakwanenso pampando paja ndi chuma wanyamula kutsogoloku? Iwe udzakhala pafupi ndi ine, mendulo pachifuwa. Aulutse ndi Kaputeni Endale. Ulemu usatuluke m'banja."

Endale anali mkamwini wake, mwamuna wa Hirut, mwana wake yekhayo wamkazi. Hirut anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Masiku anayi otsatirawo Meja anagwira ntchito imene sanaigwirepo chikhalireni meja. Anapita kwa woona zanyengo kukamufunsa ngati sakuona mitambo Loweruka. Uyo anayang'ana kumwamba kwa mwezi wa chilimwe, n'kuyang'ana Meja, n'kumufunsa ngati wagona bwino. Anapita kwa Sajeni Gudeta, makaniko wamkulu, nkhalamba ya mano atatu imene inafika pa Dembela limodzi ndi Nyuluzo. Anamuuza kuti injini ya ndege ya Endale ikumveka ngati ili ndi chifuwa.

"Chifuwa, bwana?" anatero Gudeta, akupukuta manja pa nsanza. "Ndiye mwina ndi changa mwamvacho. Iyi ikuyimba ngati dikoni."

Komabe anaiphwasula usana wonse, n'kuibwezera ili bwino kuposa kale. Ntchito yonse ya Meja inathera pomukonzera mkamwini ndege yoti ikafike msanga kumene akukafera.

Kunyumba anasiya kudya. Lachinayi mkazi wake, Mayi Askale, anamuikira nyama yaiwisi yofiira bwino ndi tsabola wake pambali, chakudya chimene bamboyo ankatha kuchidya ngakhale pamaliro. Anangochiyang'ana.

"Kodi kusala kwa Lachitatu ndi Lachisanu sikukukwanirani, mwayamba kusala Lachinayinso?" anafunsa mayiyo. "Ansembe amve, akuikani pa chithunzi cha oyera mtima."

Hirut anali pomwepo, akusoka diresi loyera lodzavala Loweruka, lotambasula pamimba. Belachew anamufunsa mwa apo ndi apo ngati sakuchita mantha.

"Mantha a chiyani, Ababa?" anatero mwanayo, ulusi uli pakamwa. "Ikanakhala njira ya munthu wina, bwenzi ndikulira. Koma ndi yanu."

Belachew anadzuka n'kutuluka panja. Anaima pakhonde la nyumba imene bodza linamumangira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi chimodzi anachita manyazi enieni, osati aja ongoopa kugwidwa.

Lachisanu anayesa njira ya amuna anzeru, yonena chinthu osachinena. Anamupeza Endale kumalo omwera khofi, anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti, "Mwana wanga, ndege nthawi zina ili ndi nzeru zake. Zikavuta kwambiri, munthu akhoza... kupumitsako manja."

Endale, mnyamata wamtali wosaseka pachabe, anaima njo. "Mfundo yoyamba, bwana: osasiya ndodo, zivute zitani!"

"Inde, inde, koma..."

"Mukundiyesa, bambo. Sindigwa ayi."

Anamuphunzitsa bwino, n'chimene chinamuwawa.

Loweruka m'mawa anavala yunifolomu ya zikondwerero, mendulo ikuwala, nsapato zikuonetsa nkhope. Oimba malipenga anali atayamba kale kuyesa nyimbo. M'malo mopita kumipando ya alendo, anazungulira kuseri kwa shedi ya ndege, kumene kunali mulu wa miyala yotsala pomanga ngalande. Kwathu kuno wolakwira mnzake kwambiri sapita chimanjamanja. Amasenza mwala paphewa, n'kukagwada, ndipo mwalawo satula yekha mpaka wolakwiridwayo amuchotsere. Belachew anayamba wasankha kamwala kabwino kokwana m'thumba. Anakayang'ana, anakataya, n'kunyamula mwala wina waukulu ngati mutu wa mwana wa ng'ombe.

M'shedimo munali anthu awiri okha. Endale ankamanga malamba a parachuti, Gudeta ankapukuta galasi la ndege. Meja analowa akupuma ngati ng'ombe yolima, n'kugwada pa simenti ya mafuta ndi buluku la zikondwerero.

"Bambo! Mwatani?" Endale anathamangira kuti amudzutse.

"Usandigwire. Imva kaye." Mawu ankatuluka moduladula. "Njira ija kulibe. Ndinapeka. Tsiku lija ndinasiya ndodo, ndinachotsa mapazi, ndinatsinzina ngati mwana pomubaya jakisoni. Ndege inadziongola yokha. Ukakachita zolembedwa m'galasi zija ufa, Endale. Ukafa Hirut atsala yekha ndi mimba. Kachepetse moto, usiye zonse. Ndakuuza. Tsopano kanene kwa Kolonelo, andivule mendulo, andithamangitse, zilibe kanthu."

Anaweramitsa mutu, kudikira kuti denga ligwe. Denga silinagwe. Anangomva kansalu ka Gudeta kakupitiriza kulira pagalasi, tswii, tswii.

Endale anakanda kumutu. Anayang'ana Gudeta, Gudeta anayang'ana kudenga.

"Bambo," anatero Endale motsitsa, "tikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Kuti munasiya ndodo. Tonse tikudziwa."

"Tonse ndani?"

"Oyendetsa onse. Amakaniko. Wophika khofi uja ndikuganiza nayenso akudziwa."

Gudeta anatsika pa phiko pang'onopang'ono, monga mwa msinkhu wake. Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kamtanda kasiliva kokhala ndi chingwe chakuda choduka.

"Ndinakatola pansi pa mpando tsiku lomwelo, bwana. Ine sukulu sindinapite, koma ndimadziwa kuti munthu ali ndi manja awiri. Oti adule chingwe chotere ndi awiri omwewo. Nanga ndodo anagwira ndi chiyani? Za mpando umene ndinachapa tsiku limenelo sindinena, ndine munthu wamkulu." Anakayang'ana kamtandako n'kukabwezera m'thumba. "Kwathu kumapiri, nyulu ikafika pa njira ya m'mphepete mwa phompho, umaisiyira chingwe. Imadziwa poponda kuposa iwe. Ndinaona kuti bwana achita zanzeru. Ndinadabwa pomva kuti zanzeruzo zili ndi manambala."

"Ine zinandigwera chaka chatha, kutali ndi bwalo," anatero Endale. "Ndinachita mfundo zanu mpaka yachinayi, ndege n'kumangozungulira mokondwa. Ndinakumbukira zimene a Gudeta anatinong'oneza, ndinasiya. Inaongoka. Zachitikiranso anzanga, Mesfin kamodzi, Yonas kawiri. Timasiya ndodo, tikatera timalemba kuti tatsata Njira ya Belachew. N'chifukwa chake mbiri yake ili yabwino chotere."

Mwala uja unayamba kulemera. "Ndiye dzulo lija? Mfundo yoyamba, bwana, mfundo yoyamba?"

"Pamaso pa anthu, bambo? Ndikanati chiyani? Inu ndi amene mumalemba za kukwezedwa kwathu. Ndinu bambo a Hirut. Wamkulu sachititsidwa manyazi. Lero ndikwera pamwamba kwambiri, ndiilowetsa, ndipinda manja, ndipo wolengeza aziwerenga mfundo zanu pa chimkuzamawu. Aliyense apita kwawo wokondwa. Dzukani, mwadetsa buluku."

Ndiye taonani. Munthu wasenza mwala, wasenza ndi ulemu wake wonse kudzautaya, n'kupeza kuti ulemuwo anzake anautaya kalekale, akungomusungira chikopa chake. Belachew anamva mpumulo, inde, mpumulo waukulu: Endale safa, mendulo sichoka. Anatsala pang'ono kuseka. Kenako funso lina linamufikira.

"Nanga Tamrat? Simunamuuze?"

Gudeta ndi amene anayankha, ndipo ulendo uno sanayang'ane kudenga. "Ndinamuuza, bwana. Ndinamuonetsa ndi kamtandaka. Anandigwira pakhosi pompano, pafupi ndi mgolo uwo. Anati ndikadzanenanso bodza lotere za Meja adzandimangitsa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kusankha owauza."

"Pabwalo lonse lino," anatero Endale, "amene ankakukhulupirirani ndi mtima wonse anali Tamrat yekha."

Panja malipenga anayamba nyimbo yolandirira alendo. Endale anawerama, anatambasula manja kuti achotse mwala paphewa pa apongozi ake, monga mwa mwambo. Belachew anaugwira zolimba.

"Usiye. Si wako."

Anadzuka yekha, bondo limodzi kenako linzake. Anatulukira khomo lakumbuyo, anadutsa pageti pamene mlonda anamuchitira sawatcha pakamwa pali yasa, n'kulowa mumsewu wafumbi wopita kutauni. Amayi ake a Tamrat, Mayi Tiruwork, ankakhala kuseri kwa msika wa mbuzi. Njirayo ankaidziwa. Chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira malemu ankapitako pa galimoto, kukalandira khofi woyamba ndi mpando wabwino.

Pa mapazi panali patali. Anthu opita kukaonera ndege ankapatuka, n'kumatembenuka. Mayi wina woyendetsa bulu anafunsa mnzake mokweza ngati boma layamba kumanga ngalande ndi mameja. Thukuta linatsikira m'kolala, mwala unadya phewa, ulusi wagolide wa paphewapo unayamba kuthothoka.

Ali pakati pa njira anamva kulira kwa Nyulu ikukwera. Sanafune kuyang'ana, koma anayang'ana. Kadontho kakuda m'mwamba kanaima, kanapendekeka, kanagwetsa mphuno n'kuyamba kuzungulira. Injini inakhala chete. Mphepo inabweretsa mawu a chimkuzamawu kuchokera kubwalo, onyada ngati a mkwati: "Mfundo yoyamba! Osasiya ndodo!" Belachew anawerenga ndi milomo yokha. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Dzanja lake lopanda mwala linapita pakhosi, pamene panalibe kanthu. Kanayi. Pa kasanu kadonthoko kanasiya kuzungulira, kanatsetsereka, injini inabangula. Chimkokomo cha anthu chinamveka mpaka kumsika, ndipo m'chimkokomocho munali dzina lake. Anapukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu n'kupitiriza ulendo.

Mayi Tiruwork anali pabwalo la nyumba yawo, akupeta mphodza. Anali mayi wamng'ono thupi, wovala zakuda chimwalirireni mwana wawo. Ataona mendulo pachipata anataya lichero n'kuyamba kukonza mpango kumutu.

"Meja! Kubwera osatuma mawu? Lero si tsiku lanu lalikulu? Ndamva kufuula, ndati Mulungu awasunge a Meja. Lowani, lowani, ndiike khofi pamoto."

Chitseko chinali chotsegula. Pakhoma, pambali pa chithunzi cha Tamrat, panali pepala lija, mfundo zisanu ndi ziwiri zolembedwa ndi dzanja la mnyamatayo, mwaukhondo, mizere yowongoka. Yachisanu mayiyo anaidula mzere kunsi ndi makala, ngakhale sankadziwa kuwerenga. Anachita kufunsa kuti ndi iti. Chaka chilichonse ankamuuza Meja mawu omwewo, ndipo Meja ankagwedeza mutu mwachifundo: mumukhululukire mwana wanga, anakuchititsani manyazi, kuyambira ali wamng'ono anali wopupuluma.

Belachew sanalowe. Anagwada m'fumbi, pakati pa mphodza zomwazika. Apa ndi pamene mayiyo anauona mwala. Anauyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana nkhope ya munthuyo, manja awo n'kugwa m'mbali.

"Mwala uwu ndi wa ndani, Meja?"

"Ndi wanu, Emama."

Anafotokoza zonse. Ulendo uno mfundo sizinaswane. Zinali zochepa, zazifupi, ndipo anazinena akuyang'ana pansi. Atamaliza, nkhuku zinali zitapeza kale phwando pa mphodza zija.

Mayi Tiruwork anatembenuka kuyang'ana pepala la pakhoma. Atayankhula, mawu awo anali aang'ono.

"Ndiye kuti yachisanu ija sanaidumphe?"

"Sanadumphe ngakhale imodzi, Emama. Ndikumudziwa. Anachita zonse, mwa ndondomeko yake, mpaka pansi."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zaka zinayi ndakhala ndikumukalipira m'mapemphero," anatero. "Zaka zinayi."

Analowa m'nyumba. Belachew anamva pepala likuchotsedwa pakhoma, kenako mpando ukukokedwa, kenako mayiyo akuyankhula motsitsa ndi chithunzi, kumutchula mwanayo dzina la paubwana. Chitseko sanatseke, komanso sanatuluke. Kubwalo la ndege malipenga anayambanso, ndipo Meja anakhala chogwada padzuwa, mwala uli paphewa, akudikira.